Word sinapambane yokha, tisaiwale za CP/M, WordStar ndi WordPerfect

Bambo Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhe nkhani ina imene inatuluka patsamba lanu la zaumisiri, yokamba za mapulogalamu olembera pakompyuta. Wolemba nkhaniyo ananena kuti Microsoft Word yafika m'maofesi onse chifukwa kuyambira pachiyambi inali yabwino kuposa mapulogalamu anzake. Ine ndinagwira ntchito ya ulembi mpaka kupuma. Zala zangazi zinayambira pa taipilaita, zinadzaphunzira WordStar, kenako WordPerfect, ndipo Word inabwera pomaliza. Word ndi pulogalamu yabwino, moti kalata inoyi ndailemba pa iyo. Koma chimene chinaikweza pampando n'chakuti kampani yoipanga ndi yomwenso inali mwini wake wa operating system, ndiye kuti pulogalamu yaikulu ija imene imadzuka kompyuta ikangoyatsidwa, imene mapulogalamu ena onse amadalira kuti aonetse zilembo pa sikirini, asunge fayilo kapena atumize ntchito ku pulinta. Amene sanaione mbiriyi ndi maso ayenera kuimva mwatsatanetsatane.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, makompyuta ang'onoang'ono ambiri a m'maofesi ankayendera operating system yotchedwa CP/M. Anailemba ndi Gary Kildall, amene anayambitsa kampani ya Digital Research ku California. Nzeru yake inali yakuti kachigawo kolankhula ndi zipangizo za makina anakapatula pakokha, moti wopanga makompyuta ankangosintha kachigawo kameneko, zina zonse n'kukhala momwemo. Pulogalamu imodzi inkatha kugwira ntchito pa makina a makampani osiyanasiyana. N'chifukwa chake WordStar inafala msanga kampani ya MicroPro ya Seymour Rubinstein itaitulutsa mu 1979, woilemba kwenikweni ali Rob Barnaby. Kompyuta yonyamulika ya Osborne 1, ya mu 1981, inkagulitsidwa pamodzi ndi WordStar.

Amene sanatayipepo pa WordStar sangamvetse chifukwa chake ife tinkaikonda. Makiyibodi ambiri a nthawiyo analibe mabatani a mivi, ndiye zonse anaziika pa batani la Ctrl ndi zilembo wamba. Ukadina Ctrl ndi E unkakwera mzere umodzi, Ctrl ndi X unkatsika, Ctrl ndi S unkapita kumanzere, Ctrl ndi D kumanja. Tayang'anani pamene zilembo zinayizi zili pa kiyibodi yanu, muona kuti zakhala moyandikana pansi pa dzanja lamanzere, E pamwamba, X mmunsi, S ndi D pakati. Ctrl ndi Y inkafufuta mzere wonse. Ukafuna kusuntha ndime, unkaika chizindikiro poyambira pake ndi Ctrl-K B, pothera pake Ctrl-K K, n'kupita pamene ukuifuna, kenako Ctrl-K V. Kwa munthu wophunzira kutayipa ndi zala zonse khumi osayang'ana pansi, manja sankachoka pamalo pake ngakhale kamodzi. Maso ali pa pepala limene walemba bwana, zala zili pa kiyibodi, ntchito ikuyenda. Liwiro limenelo sindinalipezenso mausi itabwera, chifukwa dzanja lamanja limangokhalira ulendo, kuchoka pa kiyibodi kupita pa mausi n'kubwereranso.

Nthawi yomweyo maofesi akuluakulu anali ndi makina a Wang, okwera mtengo, amene ntchito yake yaikulu inali kulemba basi. Kompyuta yaing'ono yotha kulemba kalata, kuwerengera ndalama ndi kusunga mayina a makasitomala inawalanda msika, ndipo mu 1992 Wang Laboratories inakapempha chitetezo kukhothi chifukwa cha ngongole.

Zinthu zinatembenuka pamene IBM inaganiza zolowa pamsika wa makompyuta ang'onoang'ono. Mu 1980 inkafuna operating system mwachangu. Inapita kwa Digital Research, koma mbali ziwirizi sizinagwirizane msanga pa mfundo za pangano. Pali nthano imene anthu amakonda kufotokoza, yoti Kildall anasiya alendo a IBM akudikira iye n'kupita kukauluka pa ndege yake. Ine nthanoyi imandipweteka mtima, chifukwa munthu amene anayala maziko a ntchito yonseyi amangokumbukiridwa ngati wosasamala. Microsoft, imene nthawiyo inkadziwika ndi chilankhulo cha kompyuta cha BASIC, inalibe operating system yoyenera makinawo. Inakagula 86-DOS, imene Tim Paterson analemba ku kampani ya Seattle Computer Products motsatira kachitidwe ka CP/M, n'cholinga choti mapulogalamu akale asamutsidwe mosavuta. Kompyuta ya IBM PC inatuluka mu Ogasiti 1981 ikuyendera 86-DOS yomweyo, itakonzedwa n'kupatsidwa dzina la PC DOS. CP/M-86, mtundu wa CP/M woyenera makinawo, inadzagulitsidwanso pa makina omwewo, koma pa madola 240, pamene PC DOS inali madola 40. Wogula akanasankha iti?

Mfundo yolemera kuposa mtengowo inali m'pangano. Microsoft inasunga ufulu wogulitsa DOS yomweyo kwa makampani ena m'dzina la MS-DOS. Compaq itayamba kugulitsa kompyuta yogwira ntchito mofanana ndi ya IBM mu 1983, makampani ena ambirimbiri n'kutsatira, onsewo ankafunika DOS ndipo pafupifupi onse ankalipira Microsoft. IBM inapanga makina oti ena atengere, Microsoft n'kumatolera ndalama pa makina otengerawo.

WordStar inasamukira pa DOS ndipo kwa kanthawi inali patsogolo. Inadzigwetsa yokha. Mu 1984 MicroPro inatulutsa WordStar 2000, pulogalamu yatsopano kotheratu koma yonyamula dzina lakale. Mabatani ake anali ena, kasungidwe ka mafayilo kanali kena. Wogula ankapeza ma WordStar awiri osamvana, osadziwa kuti tsogolo lili kwa iti. Pamene kampaniyo inkagula NewWord, imene analemba anthu ake omwe amene anali atachoka pantchito, n'kuitulutsa ngati WordStar 4.0 mu 1987, makasitomala ambiri anali atapita kale. Apa mpikisano unagwira ntchito yake moyenera, wina anaterereka, wina wodziwa ntchito n'kutenga malo.

Ndipo amene anatenga malowo anali WordPerfect, Bambo Mkonzi, osati Word. Apa ndi pamene nkhani ya patsamba lanu ija inadumpha zaka pafupifupi khumi.

WordPerfect inachokera ku Orem, m'chigawo cha Utah. Anaiyambitsa ndi Alan Ashton, mphunzitsi wa sayansi ya makompyuta pa Brigham Young University, pamodzi ndi wophunzira wake Bruce Bastian. Poyamba anailembera makina a Data General a khonsolo ya mzinda wa Orem, ndipo mu 1982 anaibweretsa pa IBM PC. Ukaitsegula unkaona sikirini yabuluu yopanda kanthu, kupatula kamzere kamodzi pakona yammunsi kokuuza tsamba ndi mzere umene uli. Mlendo ankasowa poyambira. Malamulo onse anali pa mabatani a F, ena podina okha, ena pamodzi ndi Shift, Alt kapena Ctrl, ndipo pulogalamuyo inkabwera ndi kachikwangwani koika pamwamba pa mabataniwo kuti uzionerapo. F10 kusunga, F7 kutuluka, Shift ndi F7 kusindikiza, F6 kudetsa zilembo, F8 kutseka mzere kunsi kwa mawu. Patapita milungu ingapo kachikwangwaniko sunkakayang'ananso.

Chimene ndimachisowa mpaka lero ndi Reveal Codes. Ukadina Alt ndi F3, sikirini inkagawika pawiri, ndipo mmunsimo unkaona zizindikiro zonse zobisika m'kalata yako: pamene zilembo zakuda zayambira ndi pamene zathera, pamene malire a tsamba asinthira, pamene pali kampata kosafunika. Ndime ikapindika, unkapeza chizindikiro chimene chayambitsa vutolo n'kuchifufuta, basi. Wotayipa ankadziwa chimene chikuchitika m'fayilo yake. Masiku ano ndimaona achinyamata akulimbana ndi ndandanda ya manambala imene yangosintha yokha, akufufuta, akulembanso, osadziwa chayambitsa. Si kuperewera nzeru ayi, chida chimene apatsidwa chimabisa zimene chikuchita.

WordPerfect inali ndi zinthu zinanso ziwiri zimene zinaipatsa msika. Choyamba, inkadziwa mapulinta ambirimbiri. Pa DOS pulogalamu iliyonse inkayenera kudzilankhulira yokha ndi pulinta, ndipo WordPerfect inalemba malangizo a mitundu yochuluka zedi, moti makina alionse amene ofesi inagula, kalata inkatuluka bwino. Chachiwiri, ku America inali ndi nambala ya foni yaulere, kasitomala n'kumaimba kufunsa chilichonse osalipira. Maloya anaikonda chifukwa inkasamala bwino mawu a mmunsi mwa tsamba, manambala a mizere ndi ndandanda ya milandu yotchulidwa m'chikalata. WordPerfect 5.1 ya mu 1989, imene inabweretsa matebulo, ndi imene ine ndimaiona ngati pulogalamu yolembera yokhwima kuposa ina iliyonse ya pa DOS.

Nanga Word inali kuti zaka zonsezi? Inalipo. Inatuluka mu 1983, motsogoleredwa ndi Charles Simonyi amene anachokera ku Xerox PARC, malo ofufuzira a kampani ya Xerox, kumene anagwira nawo ntchito yolemba Bravo, pulogalamu imene inkaonetsa pa sikirini tsamba monga momwe lidzatulukire papepala. Pa Macintosh, kompyuta ya Apple, kuyambira 1985, Word inachita bwino ndithu. Koma pa DOS, kumene kunali makompyuta ochuluka, inatha zaka zonsezo ili pambuyo pa WordPerfect. Funso langa kwa wolemba nkhani uja ndi ili: ngati Word inali yopambana kuyambira pachiyambi, bwanji ogula sanaione kupambanako kuyambira 1983 mpaka 1990?

Chimene chinasintha chinali operating system. Nzeru ya mawindo, zithunzi ndi mausi inachokera ku Xerox, inafika pamsika ndi Xerox Star mu 1981, Apple n'kuitsatira ndi Lisa ya madola 9,995 mu 1983 ndi Macintosh ya madola 2,495 mu Januwale 1984. Mu 1985 kunabwera Windows yoyamba, imene anthu ambiri sanaipatse chidwi, GEM ya Digital Research, komanso makompyuta a Amiga ndi Atari ST. Onse ankaona kuti sikirini ya zilembo zokhazokha ikupita. Chimene sichinkadziwika n'chakuti pa makompyuta ofanana ndi a IBM adzalowa m'malo mwa DOS ndani.

Yankho limene makampani anapatsidwa linali OS/2. IBM ndi Microsoft anaipanga limodzi, inatuluka mu 1987, ndipo onse awiri ankalengeza poyera kuti tsogolo ndi limeneli. WordPerfect ndi Lotus, eni ake a pulogalamu yowerengera ya Lotus 1-2-3, anaika anthu ndi ndalama pa OS/2. Nthawi yomweyo Microsoft inkapitiriza kukonza Windows, ndipo Excel ya pa Windows inali itatuluka kale mu 1987, Word ya pa Windows mu 1989. Windows 3.0 itatuluka mu Meyi 1990 n'kugulidwa kwadzaoneni, mgwirizano wa IBM ndi Microsoft unatha. Wogula amene anatsegula Windows tsiku limenelo n'kufuna pulogalamu yolembera anapeza Word ili chire kumudikira. Panalinso Ami ya kampani ya Samna, imene Lotus inagula mu 1990, ndipo mtundu wake wotchedwa Ami Pro anthu ambiri odziwa ankauyamikira, koma unalibe mphamvu za msika. WordPerfect ya pa Windows inafika kumapeto kwa 1991, yochedwa kuyenda komanso yokhala ndi zolakwika.

Ndisabise, akuluakulu a WordPerfect nawonso anachedwa okha. Sankafuna kulimbikitsa Windows podziwa kuti akulemeretsa wopikisana naye, ndipo ankakhulupirira kuti makasitomala awo sangasiye mabatani amene anawazolowera. Komanso Windows inawalanda chuma chawo chachikulu, chifukwa tsopano yolankhula ndi pulinta inali Windows yomwe, ndiye malangizo a mapulinta aja amene anawavutikira zaka zambiri anatha ntchito. Koma taganizirani za munthu wochita lendi m'nyumba ya mnzake, mwini nyumbayo n'kutsegulanso bizinesi yofanana ndi yake m'chipinda choyandikana. Mwini nyumba ndi amene amadziwa tsiku limene khomo lisunthidwe ndi mbali imene magetsi adutse. Wochita lendiyo kaya ndi wakhama chotani, nkhanizo amazimva mochedwa. WordPerfect ndi Lotus zinali m'nyumba ya Microsoft.

Kenako kunabwera Microsoft Office ya pa Windows mu 1990, yophatikiza Word, Excel ndi PowerPoint pamtengo wotsika kuposa kugula chimodzichimodzi. Kuyambira pamenepo wosankha sanalinso wotayipa. Ankasankha ndi woyang'anira zogula za kampani, amene ankaona mapulogalamu atatu pa invoisi imodzi. Palibe ankafunsa munthu wotayipa masamba makumi angapo patsiku kuti chida chomuyenera n'chiti.

Za mmene DOS inatetezedwera, makhothi a ku America ali ndi zolemba zake. Digital Research inabwereranso ndi DR DOS, yopikisana ndi MS-DOS, ndipo mtundu wa 5.0 wa mu 1990 unali ndi zinthu zimene MS-DOS inalibe, monga kasamalidwe kabwino ka memory, malo amene kompyuta imasunga zimene ikugwirira ntchito panthawiyo. Koma makampani ambiri opanga makompyuta anali pa pangano lolipira Microsoft pa kompyuta iliyonse imene atulutsa, kaya aikamo MS-DOS kaya ayi. Woika DR DOS ndiye kuti ankalipira kawiri. Mu 1994 Microsoft inagwirizana ndi boma la America kuti isiya mapangano a mtundu umenewu. Panapezekanso kuti Windows 3.1 yoyeserera, imene inatumizidwa kwa anthu oiyesa isanatuluke, inali ndi kachigawo kobisika kotulutsa uthenga wa cholakwika ikaona kuti pansi pake pali DR DOS. Kampani ya Caldera, imene inadzagula DR DOS, inasuma mu 1996 ndipo mlanduwo unathera kunja kwa khothi mu 2000, Microsoft italipira. Gary Kildall sanazione zimenezi, anamwalira mu 1994.

WordPerfect inagulidwa ndi Novell mu 1994, n'kugulitsidwanso kwa Corel ya ku Canada mu 1996 pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene inagulidwira. Mu 2004 Novell inasuma, ikunena kuti Microsoft inabweza dala zida zina za mu Windows 95 zimene olemba WordPerfect ankadalira, moti pulogalamu yawo inachedwa kufika pamsika. Mlandu umenewu Novell inaluza, ndipo chilungamo chikufuna kuti ndinene zimenezo momveka. Khothi la apilo mu 2013 linagamula kuti malamulo sakakamiza kampani kuthandiza wopikisana nayo. Chigamulocho ndi cha malamulo. Sichikunena kuti pulogalamu yabwino kwa wotayipa inali iti, ndipo sichichotsa mfundo yoti mmodzi mwa opikisanawo ndi amene ankagwira makiyi.

Chomaliza chimene chinatseka chitseko ndi mafayilo. Maofesi ambiri atayamba kutumizirana zikalata za .doc, amene anatsala pa pulogalamu ina ankalandira zikalata zosokonekera, matebulo atapindika, masamba atasuntha. Ankasintha pulogalamu kuti amvane ndi anzake, kaya akuikonda kaya ayi. Ngakhale pakati pa a Word okhaokha, Word 97 itasintha kasungidwe ka mafayilo, amene anali pa Word 95 sankatha kutsegula zimene anzawo awatumizira. Pa ofesi ina imene ndinagwirako ntchito tinali ndi bokosi la madisiketi odzaza ndi maminitsi a misonkhano ndi mapangano a zaka zambiri. Makina atasinthidwa, palibe amene anakonza zosamutsa zolembazo, ndipo tsiku limene zinafunika, panalibenso kompyuta yolandira madisiketiwo kapena pulogalamu yowerenga zimene zinali mmenemo. Tinatayipanso kuchokera pa mapepala amene anapezeka. Zimene mapepala ake anasowa zinapita.

Sindikulira kuti tibwerere ku sikirini yabuluu. Kuona tsamba monga momwe lidzatulukire kunachepetsa mapepala owonongeka, ndipo munthu watsopano amaphunzira Word m'masiku ochepa pamene ife mabatani a WordPerfect tinkawaloweza kwa milungu. Zimenezo ndi phindu lenileni. Chimene ndikukana n'kuphunzitsa ana kuti chimene chili paliponse chinafika pamenepo chifukwa cha ubwino wake wokha, pamene mbiri ikuonetsa mtengo wa madola 40 ndi 240, pangano la MS-DOS, kusiyidwa kwa OS/2 ndi bokosi limodzi la mapulogalamu atatu.

Ndikupempha kuti patsamba lanu la zaumisiri mudzalembeko za kasungidwe ka mafayilo, chifukwa apo ndi pamene owerenga angadzithandize. Kasungidwe ka OpenDocument kanavomerezedwa mu 2006 ndi ISO, bungwe lokhazikitsa miyezo padziko lonse, ndipo kasungidwe ka .docx kanavomerezedwa mu 2008, kutanthauza kuti malamulo ake ndi olembedwa poyera, pulogalamu ina ikhoza kuwatsatira. Pulogalamu ya LibreOffice, imene ndi yaulere, imatsegula mafayilo ambiri akale a WordPerfect. Aliyense amene akusungabe madisiketi okhala ndi zikalata zofunika, za malo, za mabungwe kapena za maphunziro, afunefune makina owerengera madisiketiwo panopa akadapezeka, azikopere, asunge fayilo iliyonse mu OpenDocument kapena PDF, ndipo zofunikitsitsa azisindikizenso papepala.

Ndine wowerenga wanu,
Mlembi wopuma pantchito